Anapiye a Makosi Ometa

Lidia anavundukula dengu, nthawi yomweyo n'kubweza mutu. Anapiye khumi ndi mmodzi ankalira pa sanza ya chitenje, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe wokondweretsa maso. Makosi awo anali psuu, opanda kaubweya, khungu lamakwinya ngati la mbewa yowawula. Mmodzi atameza kanjere ka gaga, Lidia anakaona kakutsika m'khosimo mpaka pachifuwa. Analavula malovu.

Thadzi lakuda la mikolongwe linkazungulira dengulo likuitana ana. Limeneli Lidia anapatsidwa ndi amayi a Chigwirizano cha kutchalitchi kwawo ku Kasakula, pamodzi ndi lamulo lake: thadzi likaswa anapiye a mikolongwe, mwini amapereka asanu kwa mnzake, thadzilo n'kukhala lake mpaka kalekale. Likalephera, amalanda n'kupatsa wotsatira pa mndandanda. Wotsatirayo anali Marita, mkazi wa tenanti wa fodya wochokera ku Phalombe, amene ankakhala kuseri kwa mpanda wa Lidia.

Ndipo Marita anali ndi tambala. Chitambala chonyansa, cha khosi lofiira ngati chilonda, chimene chinkangolowa m'mabwalo a eni ngati kwawo.

Amayi Esinati, mkulu wa Chigwirizano, anafika dzuwa litakwera kudzaona anapiyewo. Anapereka moni kwa a Benjamini, amuna a Lidia, amene ankasoka masamba a fodya pansi pa chigafa, kenako anakhala pamphasa n'kutenga kamwanapiye kamodzi m'manja. Anakatembenuza chagada. Anakatambasula phiko, anayang'ana mapazi, anapemerera kaubweya ka pamimba.

"Mwana wa mikolongwe amabadwa wakuda kumsana, koyera kumimba ngati wavala epuloni," anatero. "Awa ndi kameta, amake Alinafe. Si matenda ayi, ndi mtundu."

"Mtundu wa kuseri kwa mpandaku," anayankha Lidia. "Amachita kum'masulira dala tambala wakeyo kuti andiwonongere mbewu. Akudziwa kuti likalandidwa thadzili likupita kwa ndani."

Amayi Esinati anatenga mwanapiye wachiwiri, wachitatu, mpaka onse anadutsa m'manja mwawo. Kamodzi kanawanyerera pachikhatho; anapukutira paudzu osasintha nkhope. Kenako anaika chala pamutu pa kena, pomwe panatumphuka kaubweya.

"Khosili ndi la tambala, sindikukana. Nanga katsumba aka? Tambala uja alibe tsumba, thadzi lanu lilibenso. Miyendo yachikasuyi mikolongwe ilibe. Ine ndaweta nkhuku kuyambira ndili mtsikana: anapiyewa sanaikiridwe ndi thadzi ili. Langofungatira mazira a eni."

Lidia analavulanso malovu. Choncho si tambala chabe! Munthu analowa m'khola mwake, n'kupisa dzanja pansi pa thadzi, n'kuchotsa mazira a mikolongwe, n'kusiyapo zonyansazi. Anakumbukira mmene Marita ankabwerera m'mawa uliwonse ndi moni wake wofatsa, nthawi zina ndi kambale ka mpiru, maso ali kukhola. Anakumbukira kuti mpiruwo ankadya. Anakumbukiranso kuti Lamulungu lapitali anamwera chikho chimodzi pa Mgonero, iye pambuyo pa Marita, ndipo anapukuta milomo ndi nsonga ya chitenje ngati kuti zachitika pompano.

"Marita!" anakuwa. "Tabwera kuno, uone ana ako!"

Marita anatulukira pa kampata ka mpanda, manja ali ndi phula la fodya. Anagwada chapatali n'kuwomba m'manja. Ataona dengulo, nkhope yake inagwa, ndipo Lidia sanafunenso umboni wina.

"Amayi akufunsa," anatero Lidia. "Mazira amene anaswa anapiyewa ndi a ndani?"

"Ndi anga, mayi."

"Anaika pansi pa thadzi langa ndani?"

"Ndine."

"Mwamva nokha! Nanga anga khumi ndi awiri ali kuti? Akufungatiridwa kwanu, eti? Ufune thadzi, ufunenso mazira ake! Anthu obwera inu, tikakupatsani pokhala mumafuna ndi denga lomwe."

Marita anangoyang'ana pansi, n'kumakanda phula la m'zala. Amayi Esinati anamufunsa kawiri mofatsa kumene kunali mazirawo, koma iye anangopukusa mutu. Anapiye ankapondana m'dengu, makosi awo ofiira ali m'mwamba, ndipo Lidia analikankhira kutali ndi phazi.

Amayi Esinati anausa moyo. Anati thadzi likhala kwa Lidia kuti liyesenso, pakuti kulakwa sikunali kwake. Dzina la Marita alifufuta pa mndandanda, ndipo nkhani ya kubayo ikafika kwa abusa. Koma Chigwirizano sichichotsa munthu chisanapemphere, ndipo pabwalopo panali mkulu wa mpingo, a Benjamini.

"A Benjamini, tatiyikizani m'manja mwa Mulungu."

A Benjamini anasiya fodya, anavula chipewa, anabwera kudzaima pafupi ndi mphasa. Onse anatsinzina. Lidia anadikira mawu oyamba a pemphero, koma ankangomva kulira kwa anapiye. Atatsegula diso limodzi, anaona amuna ake akupotokola chipewa chija m'manja, thukuta lili kamukamu.

"Musiyeni mwana wa eni," anatero a Benjamini. "Sabata ija munali kumaliro ku Chezi, mazira anu ndinakazinga ndine, awiriawiri, n'kumaikapo zitsononkho. Iyeyu anapeza thadzi likufungatira zitsononkhozo, n'kukatenga ake kuti asakulandeni."

"Ndinasankha a thadzi langa lakuda," anatero Marita chapansipansi. "Ndimayesa atuluka akuda."