Dziko la Mkamwini

Mayi Sindichotsa analowa m'nyumba thumba la nsapato za kaunjika lili pamutu, napeza mlendo ali kale pakati pa nkhani. Dzina limeneli anawapatsa ndi anzawo a pamsika, poti iwo mtengo akatchula atchula, kaya ulire kaya ugwade.

Mlendoyo anali atamukhazika pampando wabwino uja, wosagwedera. Munthu wamtali ngati mlongoti, maondo kufika pachibwano, tayi ili pakhosi dzuwa lonseli. Ameneyu ndiye anali mnyamata wakunja wokonza makina a kuchipatala, amene ankafuna kukwatira mwana wawo mmodzi yekhayo, namwino. Chinenero cha kuno sankachidziwa. Ankalankhula chakwawo, namwino n'kumamasulira. Bambo a m'nyumbamo ankangogwedeza mutu ngati gulo pamtengo.

Mnyamata anadzuka kuti apereke moni. Mayi anamukhazika pansi ndi chala, iwo n'kukhala pathumba lawo. Mlandu anali ataugamula kale ali m'minibasi: ukwati achite, koma mwana sachoka. Akapita kutsidya kwa nyanja, adzawayeza ndani kuthamanga kwa magazi? Nanga zidzukulu, munthu angazikalipire bwanji pafoni? Njira yake ankaidziwa. Katundu ukafuna kumugwetsa mtengo, umayamba wamupezera chilema.

"Pitiriza," anauza namwino. "Akuti chiyani?"

"Akuti ndi dziko laling'ono, lotentha. Nyengo zake ndi ziwiri, ya matope ndi ya fumbi."

Eya, Mayi anatero mumtima, wayamba kutsatsa kwawo. Tiye nazo, mwana iwe, wapeza wogula.

"Akuti lili ndi duwa lakelake, ndi mbalame ya dziko."

"Mbalameyo amadya?"

"Ayi, Amayi, ndi chizindikiro chabe. Komatu dzikolo..."

"Ndafunsa maganizo ako? Iwe masulira basi. Anthu osiya nkhuku n'kukasankha mbalame yosadyedwa, mitu yawo imayenda bwino?"

Mlendo ataona kuti apongozi ayamba kufunsa mafunso, anasekerera mano onse pamtunda, nasonkhezera moto. Anafotokoza za chizindikiro cha boma: zilombo ziwiri zolusa zitagwira chishango, pansi pake mawu olimbikitsa umodzi ndi ufulu. Ananenanso kuti mtundu wobiriwira wa pambendera ukuimira nkhalango, ngakhale zambiri zinapita kale ndi makala.

"Ndiye kuti mbenderayo ndi nsalu yonama," Mayi anatero. "Ine nsapato ikakhala yong'ambika ndimavomera kuti ndi yong'ambika. Kasitomala akaiona."

Bambo anakhosomola. "Mayi a mwana, mukanamva kaye mmene nkhaniyi inayambira..."

"Inu bambo, si inu munagulitsa njinga yabwinobwino pamtengo wa belu lake? Zokambiranazi zisiyireni eni ake."

Bambo anayamba kuyang'ana malata.

Mnyamata anafika pa za anthu a m'dzikolo. Thukuta linali kutsika m'khosi, koma sanapume. Ankalakatula ngati mwana wa sukulu woopa kuti akaima aiwala.

"Akuti anthu ake ndi osekerera nthawi zonse," namwino anamasulira. "Sathamanga. Msonkhano wa m'mawa umayamba dzuwa lili paliwombo, ndipo palibe amene amakwiya."

"Alesi."

"Ukafunsa njira amati ndi pompano, iwe n'kuyenda mpaka zidendene kutha."

"Abodza. Koma nsapato ziyenera kuti zimayenda malonda."

"Aliyense ndi m'bale wake wa wina, moti ntchito umaipeza kudzera kwa amalume. Mpira amaukonda koopsa, ngakhale timu yawo ikapita kunja imangokatuta zigoli."

Mayi anawomba m'manja kamodzi. Zilema zinali kubwera zokha, osafufuza n'komwe. Wogulitsa wotere sanamuonepo chibadwire, woti akuonetsa yekha pamene pabooka. Anayamba kumumvera chisoni mwana wa eni.

Kenaka mlendo anaika dzanja pachifuwa, nalankhula mofewa. Namwino anayang'ana kumbali, akudziletsa kuseka.

"Akuti koposa zonse ndi azimayi ake. Ofatsa. Olankhula motsitsa mawu. Sadula mwamuna pakamwa, ndipo mlendo amamulandira ngati mwana wawo."

Mayi anaseka mpaka thumba linapendekeka. "Amenewo ndi azimayi kapena nkhuku zonyowa ndi mvula? Ndiye mwana wanga, woyamwa bere ili, akasanduke nkhuku yonyowa?"

Zinakwana. Anaimirira, nasolola nsapato imodzi m'thumba, n'kuimenyetsa patebulo monga amachitira malonda akatheka. Makapu analumpha.

"Umuuze bwinobwino, usameze liwu ngakhale limodzi. Munthuyu ndamuona, ndi wachilungamo mpaka kupusa. Mwana ndamupatsa. Koma dziko la mbalame zosadyedwa ndi anthu ongosekerera zopanda pake limenelo, mwana wanga sadzakhalamo ine ndili moyo. Zidzukulu zanga zisadzapondemo phazi. Ndalumbira, pali mayi anga kumanda!"

Anakhalanso pathumba, napinda manja, mtima uli mbee. Malonda okoma chonchi anali asanawachitepo.

Namwino anamasulira zonse, osameza liwu. Nkhope ya mlendo inagwa. Anamasula tayi pang'onopang'ono, nayankha maso ali pansi.

"Akuti chiyani?" Mayi anafunsa. "Wavomera?"

"Wavomera, Amayi. Akuti pepani. Za kwawo anali asanayambe n'komwe. Wakhala akuloweza zonsezi kuti muone mmene walikondera dziko lathu lino, poti amafuna timange nyumba kuseri kwanu kuno. Koma poti mwalumbira, akuti palibe kuchitira mwina, tikakhala kwawo."