Chikole cha Aggie sichinamulipirire ngongole

Panali mayi wina, dzina lake Aggie, namwino, amene anafika ku Dublin, m'dziko la Ireland, mu 2005. Ankagona chipinda chimodzi ndi anzake awiri ku Clondalkin. Mwana wake Daphne, wa zaka zisanu ndi zitatu, anamusiya kwa agogo ake ku Chilomoni. Aggie analumbira kuti agula nyumba ku Lucan, dera lina la Dublin, kuti mwanayo adzabwere, pakuti lendi ya nyumba yonse ikanamumalizira malipiro.

Nthawi imeneyo mabanki ankakongoza anthu mosavuta, koma mlendo ankamufunsa mbiri yake ya ngongole. Aggie analibe. Mnzake wa kutchalitchi, Louisa, anamulangiza kuti aike 1,000 euro kubanki ngati chikole, amupatse khadi ya ngongole, aziguliramo tinthu tating'ono n'kumabweza mwezi ndi mwezi.

"Koma a Aggie, musainire direct debit, bank izidula yokha," anatero Louisa.

"Ndalama yanga izituluka ine osaiona? Ayi, ndizikalipira ndekha pa counter."

Mayiyu anali wolimbikira, zimenezo tisamunamizire, koma makani ndiye anali nawo. Miyezi khumi ndi inayi analipira osaphonya tsiku.

Kenako bambo ake anamwalira. Anagula tikiti ya ndege ndi khadi ija, 900 euro. Louisa anamuperekeza ku eyapoti.

"Mwasiya ndani wolipira card?"

"Deposit yanga ilipo. Ndikachedwa adula pomwepo. Kwathu ukasiya wailesi kwa wakatapila, amakulondolanso?"

"Kuno si kwathu, a Aggie."

Aggie anangoseka. Kumudzi anakhalako miyezi itatu, chifukwa mayi ake anadwala maliro atangotha. Makalata a kubanki ankangounjikana pakhomo.

Atabwerera analipira zonse tsiku limodzi, n'kuganiza kuti yatha. Patapita miyezi isanu anapeza kanyumba ka zipinda ziwiri ku Lucan, nakapempha ngongole. Anali atauza kale Daphne kuti Khirisimasi adzadyera ku Ireland.

Mkulu wa kubanki anayang'ana pa kompyuta, n'kumuuza kuti sizitheka. Panalembedwa kuti anaphonya miyezi itatu yotsatizana.

"Koma chikole changa munali nacho," anatero Aggie.

Mkuluyo anafotokoza kuti chikole chimateteza banki, osati dzina la wokongola, ndipo zimene zalembedwazo zimakhalapo zaka zisanu. Aggie anayesa banki ina, yankho lomwelo.

Analira m'basi njira yonse, ndipo zinali zomvetsa chisoni. M'mawa mwake anabwerera kubanki, anasainira pepala la direct debit lija analikana, napemphanso mashifiti owonjezera kuchipatala. Ndiye anaimba foni ku Chilomoni.

"Amayi, agogo andigulira kale chikwama. Ndibwera liti?"

"Daphne, Khirisimasi ino sizitheka. Ndalakwitsa ndine, osati iwe. Ndayambiranso lero, ndipo sindisiya mpaka ubwere."

Mwanayo anati, "Ndiye chikwamachi ndiziyendera kusukulu."

Phunziro: Chikole sichikulipirirani ngongole. Khadi yotereyi imamanga dzina lanu mukamalipira pa tsiku lake, ndipo imaliwononga mukaphonya, ngakhale muli pamaliro. Musanakwere ndege konzani za malipiro, ndipo amene anakutsogolerani m'dziko la eni akamalankhula, mverani. Tumizirani nkhaniyi abale onse amene angofika kumene kunja kuno.