Mzere Womaliza pa Thabwa

Palibe khoma lomwe linamukanapo Katswiri. Anthu ankamutchula choncho, ndipo iye sankatsutsa. Anajambula zikwangwani m'mabwalo a ndege, m'mahotela otalika kufika kumitambo, m'maiko omwe ngakhale moni wawo sankaudziwa. Tsono kanyumba kophunziriramo ana sayansi kakanamuvuta pati? Ntchitoyi anachita kuipempha yekha, mwaulere.

Posakhalitsa makoma anayamba kuyankhula. Pakhomo anajambulapo chizindikiro cha malowo: diso la mwana, mwezi uli m'kati mwake. Mivi yachikasu inkaloza ku maginito, yobiriwira ku mbewu zomera m'mabotolo.

Koma zikwangwani zonse anazipachika m'munsi, zolekeza m'chiuno mwa munthu wamkulu. Tepi yoyezera sankaigwira. Ankayezera thabwa lakale la felemu ya chitseko, lokhala ndi timizere ta pensulo tokwera ngati makwerero. Pamene timizereto tinathera ndi pamene ankakhoma msomali.

"Akulu, chithabwa chonyansachi n'chachiyani?" anafunsa kalipentala yemwe ankamuthandiza.

"N'cha mwana wanga wamkazi. Ndinkamuyeza chaka chilichonse pa tsiku lake lobadwa." Katswiri anasisita mzere wa pamwamba. "Tinalekezera apa."

Kalipentala anavula chipewa. "Pepani, akulu." Sanafunsenso.

Kenaka analowa mkulu wa malowo, mayi wachitsikana wovala magalasi. Chiyambire ntchito anali asanamusekererepo Katswiri.

"Kwezani zonsezi, bambo. Kuno kuzibwera ndi ana osinkhuka omwe. Aziwerenga chogwada?"

"Mayi, ine ndayenda, ana ndawaona. Mwana amatalika chonchi basi."

"Mukapanda kukweza, mawa musabwerenso."

Katswiri, munthu yemwe ankatsekera mabwana akuluakulu foni, anayamba kuzula msomali woyamba. Mawa limenelo ankalifuna kuposa ntchito zonse zomwe anagwirapo.

Kalipentala anasendera pafupi ndi mayiyo. "Akhululukireni, mayi," ananong'ona. "Mwana wawo anawasiya ali pamsinkhu umenewo."

"Anawasiya?" anabwereza mkulu uja.

Mayiyo anavula nsapato. Anatenga thabwalo, naliimika kukhoma, n'kutsamiritsapo msana, zidendene pamodzi, chibwano m'mwamba. Mutu wake unaupitirira kutali mzere womaliza uja.

"Sindinafe, ababa. Inu ndi amene munakwera ndege." Anamutambasulira pensulo. "Ine ndinapitiriza kukula."

Dzanja lomwe silinaphonyepo khoma linafika pamwamba pa mutu wa mwana wake. Ngongole ya mizere makumi awiri ndi itatu, Katswiri anaibweza ndi mzere umodzi wokhota.