Zigawo Ziwiri za a Fackson

Pofika 11 koloko m'mawa, Teleza anali atayamba kulankhula ndi kompyuta ngati munthu. Anaichonderera, anaizazira, kenako anaichondereranso.

Ntchito inali imodzi yokha. Kandege kojambula kanali katazungulira minda yonse ya tiyi ya pa esiteti, ndipo kompyutayo inkayenera kulumikiza zithunzi zikwi ziwiri kuti zituluke mapu osonyeza pamene tizilombo tayamba kuwononga masamba. A Peterson, manijala, ankafuna mapuwo 4 koloko isanakwane kuti opopera mankhwala adziwe koyambira mawa. Ananena osatembenuka n'komwe kuti miyezi itatu yomuyesa Teleza ikutha tsiku lomwelo, ndipo mapu akapanda kuoneka, makiyi a ofesi ndi a nyumba ya kampani akawasiye pageti.

Kompyuta inkati imaliza 9 koloko usiku.

Vuto lake analiona msanga. Purosesa, ubongo wa kompyuta, inali ndi zigawo zisanu ndi zitatu, zimene amisiri amati ma core, koma Windows inkangoona ziwiri. Ziwirizo zinkasenza katundu yense, zinzake osaoneka n'komwe, ngati othyola tiyi amene amabisala m'ngalande kapitawo akangopotoloka. Teleza anasakasaka mavairasi, osapeza. Anasintha madiraiva, timapulogalamu toyendetsa zida za kompyuta. Anazimitsa n'kuyatsanso kawiri, ndipo kawiri konseko ntchito inayambiranso pachiyambi, poti pulogalamu ya mapuyo sinkasunga ntchito yosatha. Zigawo zinali ziwiri zomwezo.

Mantha anamugwira. Ankaona kale kabaza akumutsitsa kwawo ku Khonjeni ndi chikwama chake, amayi ake ataima pakhomo, omwe aja anauza tchalitchi chonse kuti mwana wawo ali mu ofesi, sadzanyamula dengu la tiyi kumsana ngati iwo.

Pamene mutu unaima, mtima unapeza womunamizira. A Fackson anakhala mu ofesi imeneyo zaka makumi awiri, munthu wongophunzira makompyuta pogwiragwira, wopanda ngakhale kasatifiketi kopachika pakhoma. Teleza atabwera ndi dipuloma yake, mkuluyo anasamutsidwira kosungira makasu ndi majasi a mvula. Ndani angasekerere zoterozo? Ndiponso kasamalidwe kawo kanali komvetsa chisoni. Tsiku loyamba Teleza anapeza kompyutayo itakhazikidwa pa njerwa ziwiri, pawindo lotsegula, chivundikiro cham'mbali atachichotsa, fumbi la tiyi lochokera kufakitale likungolowa mmene lafunira. Anatseka windo, anabwezera chivundikiro, njerwa anataya kunja, makina n'kuwalowetsa pansi pa tebulo monga zimakhalira m'maofesi a anthu ophunzira. Chimene anaikondera kompyutayo n'chakuti inali yofatsa, yosalira ngakhale pang'ono.

M'mawa wa tsikulo a Fackson anali ataima pakhomo, chipewa chili m'manja, n'kunena kuti ali ndi mawu pang'ono okhudza makinawo, poti amva kuti lero asenza ntchito yolemera. Teleza anawayankha kuti watanganidwa. Tsopano anamvetsa: mkuluyo anabwera kudzaona ngati msampha wake wagwira.

Cha m'ma 1 koloko, anzake ali kukadya, analowa mu BIOS, malo obisika amene amatseguka kompyuta isanadzuke bwinobwino. Anatsika mzere ndi mzere mpaka anaupeza mzere wonena kuchuluka kwa zigawo zololedwa kugwira ntchito. Panalembedwa 2. Nambala imeneyo siidzilemba yokha. Munthu anakhala pampando womwewo n'kuzitsekera dala zigawo zisanu ndi chimodzi.

Anajambula sikirini ndi foni kuti ukhale umboni. Anafufuta 2, n'kuika 8, n'kuyatsanso.

Zigawo zonse zinadzuka nthawi imodzi. Pulogalamu inati imaliza 3:40. Teleza anagwetsa misozi, sitingabise, ndipo atapukuta anayamba kukonza mawu okauza a Peterson za nkhalamba ya nsanje imene inafuna kumuchotsetsa ntchito. Kafungo ka tiyi wowauka kanayamba kumveka mu ofesimo, koma pa esiteti fungo limenelo salifunsa, fakitale ili pafupi.

Itakwana 3:30, ntchito inali pa 95 peresenti. Anawaitanitsa a Fackson, poti chipambano chimakoma mdani akuonerera. Mkuluyo anafika akupukuta manja pa ovolosi.

"Bambo Fackson, msampha wanu ndaupeza," anatero Teleza, akuloza sikirini. "Taonani. Zonse eyiti zikugwira."

A Fackson sanayang'ane sikirini. Ananunkhiza m'mwamba, anayang'ana windo lotseka lija, kenako anagwada n'kugwira makina pansi pa tebulo. Dzanja analichotsa msanga ngati akhudza mbaula.

"Madamu, fani yoziziritsa makinawa inafa ndi fumbi chaka chatha, yatsopano sanagulebe. Ziwiri zokha ndi zimene amapirira nazo kutentha, ndiye ndimati ndikuuzeni m'mawa muja."

Asanadzuke pomwe anagwadapo, sikirini inada bii. Ntchito inali itafika pa 97.