Uziopa Wachete

"Msiye ameneyo!" anakalipa a Sisita, akumukoka mkono namwino watsopano yemwe ankathamangira kwa bambo wina wothyoka mwendo pangozi ya basi. Bamboyo ankakuwa ngati akusendedwa.

"Koma akumva ululu, a Sisita."

"Wokuwa ali ndi mpweya, mwanawe. Uziopa wachete."

A Sisitawa anzawo ankawatcha a Wailesi, poti zaka makumi atatu m'wodi imeneyi pakamwa pawo sipanatsekepo. Namwinoyo, amene linali tsiku lake lachitatu pantchito, anamwaza maso. Pabenchi panali mayi wina atakhala phee, atagwira pamimba, milomo ili mbuu. Aliyense ankangomudutsa. Namwinoyo atamugwira pamkono, anamva mtsempha ukugunda mothamanga koma mofooka.

"Magazi akutayikira m'kati! Machira!" anakuwa namwinoyo.

Anamuthamangitsira ku fiyeta, kuchipinda cha opaleshoni, pamachira a matayala atatu, omwe kale chipatala chidakali chipatala anali ndi anayi. Mayiyo anapulumuka.

Dzuwa litapendeka, chipwirikiti chitatha, namwinoyo anapita kuofesi kukathokoza. Anapeza a Sisita atakhala pampando, dzanja lili pachifuwa, thukuta lili kamukamu, tiyi atazizira pambali.

"Mayi uja wapulumuka, a Sisita. Lero ndiye mwandiphunzitsa ntchito."

Anayembekezera kuti amunyogodola monga mwa masiku onse. M'wodi, wothyoka mwendo uja ankakuwabe mwamphamvu.

"A Sisita?"

Iwo anangomuyang'ana, milomo ili mbuu. Aka kanali koyamba kuti a Wailesi akhale chete.