Otchinga a mu Gemu Sanama

Panali munthu wina ku Georgia, ku America, mnyamata wa sekondale dzina lake Marquis, woponya mpira wa timu ya sukulu yawo, mpira wachimereka uja woponya ndi manja, wosewera atavala zisoti. Akuti zinachitikadi izi. Dzanja loponyera anali nalo, koma akaweruka ankangokhalira gemu ya mpira womwewo pa TV, ndipo m'tauni monse panalibe womugonjetsa.

Mu gemumo anatulukira chinthu chimodzi: otchinga awiri akaima kumbuyo, wina kumanja wina kumanzere, pakati pamakhala pululu. Ukaponya pamenepo, wadya.

Tsiku lina a Kochi Pettway anasonkhanitsa anyamata kuti aonere kanema wa timu yomwe adzakumane nayo Lachisanu. Marquis maso anali pa foni.

"Iwe Marquis, waona chiyani apa?"

"Awiri kumbuyo, a Kochi. Pakati palibe munthu. Zimenezi ndimathana nazo tsiku lililonse."

"Kuti? Pa sofa?" Anzake anaseka, a Kochi n'kupitiriza. "Tamvera, mwana iwe. A mu gemu yakoyo amaima pomwe awaimika. Awa ndi anthu, amanama. Akuonetsa awiri kumbuyo, mpira ukangoyamba mmodzi atsikira pakati. Uziyang'ana kawiri usanaponye."

"Ndamva," anatero, maso atabwerera kale pa foni.

Wowakha mipira yake anali mnzake Cedric, mwana wa mayi wophika ku kantini ya sukulu. Lachisanulo kunabwera bambo wa ku koleji kudzaona Cedric. Akamukonda, aphunzira ulere. Apo ayi, za koleji aiwale.

Masewero ali pafupi kutha, timu yawo ikutsalira pang'ono, anaunjikana kuti apangane.

"Ced, thamangira pakati," anatero Marquis.

"Aise, nambala 21 uja akundiyang'ana ngati ndinamulanda chibwenzi. Sindikumukhulupirira."

"Mantha basi. Awiri kumbuyo, sukuona? Lero ndikutchukitsa."

Cedric anayang'ana komwe kunakhala bambo uja, n'kumanga chisoti. Mpira unayamba. Marquis sanayang'anenso kachiwiri. Dzanja linangochita zomwe chala chinazolowera mu gemu. Mpira uli m'malere, anaona wotchinga nambala 21 uja akutsikira pakati ngati kabawi. Cedric anali atatambasula manja onse, thupi lili poyera.

Kugundana kwake kunamveka mpaka ku mipando ya pamwamba. Bandi ya sukulu inaleka kuimba. Osewera a matimu onse awiri anagwada bondo limodzi, monga amachitira mnzawo akapanda kudzuka. Marquis anangoona bambo wa ku koleji uja akuvala jekete, n'kutsika masitepe.

Kuchipatala anati phewa la Cedric lathyoka pawiri, chaka chino mpira watha. Marquis anakhala pa benchi panja pa wodi, akadali mu yunifolomu, osalimba mtima kulowa. Mayi ake a Cedric anatuluka. Marquis anaimirira. Mayiwo anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anavula juzi yawo n'kumufunditsa, poti ankanjenjemera.

"Lowa," anatero. "Akufunsa ngati iweyo sunavulale."

Phunziro: Gemu ingakuphunzitse maimidwe a adani, koma siingakuphunzitse bodza lawo, ndipo pa bwalo palibe batani loyambiranso. Ukanyoza malangizo, nthawi zina wothyoka sukhala iwe. Musangowerenga nokha, tumizirani ena, makamaka achinyamata amene akuyesa kuti akudziwa kale.