Ndanena Ndanena

"Ndanena ndanena!" anakuwa bwana wa m'sewerolo, akumenya tebulo ndi chikhatho. Anthu m'holomo anafa nalo phwete.

Mlembi wa sewerolo yekha ndiye sanaseke. Thukuta linali kamukamu, poti kutsogolo kwake kunakhala apongozi ake aakazi, ali ndwii. Mawuwo, kamenyedwe ka tebuloko, ngakhale kakwezedwe ka nsidze, zonse anazitapa kwa iwowo. Akangodzizindikira, kunyumba kuyaka moto.

Sewero litatha, apongoziwo anamukodola.

"Bambo, mwalemba bwino, koma bwana uja mwamukokomeza. Munthu wolusa chotere munamuona kuti?"

"Ndi wongopeka, amayi."

"Ndiye mukamufewetse."

"Komatu anthu amukonda..."

Apongozi anamenya mpando ndi chikhatho, nsidze zili m'mwamba.

"Ndanena ndanena!"